Chimbale chomaliza cha R.E.M.: gulu loyimba limatha bwanji?

Mu June 2024, pa mwambo wolemekeza opeka nyimbo wa Songwriters Hall of Fame mumzinda wa New York, amuna anayi a imvi anakwera pansanja n'kuyimba nyimbo imodzi yokha, "Losing My Religion". Anali Michael Stipe woyimba ndi mawu, Peter Buck wa gitala, Mike Mills wa besi ndi Bill Berry wa ng'oma, eni gulu la R.E.M. la ku America. Nkhani itangofala, anthu anayamba kufunsana ngati anyamata akalewo abwererana. Nanga si anatsanzika kale mu 2011? Ngati akuyimbanso limodzi, kodi chimbale chawo cha Collapse into Now chikadali chomaliza?

Iwo eni anayankha poyera kuti sanabwererane ndipo alibe maganizo otero. Komabe wosokonezeka sitingamuimbe mlandu. Chimbalecho chinatuluka mu March 2011 popanda wonena kuti n'chotsanzikira. Gululo silinayende nacho kukayimba kulikonse. Uthenga woti latha unadzaikidwa pa tsamba lawo la pa intaneti pa 21 September, patatha theka la chaka. Kuti zimenezi zimveke, pali zinthu zingapo zofunika kuzimasula chimodzichimodzi.

Nyimbo za alternative rock

Poyamba dzinali silinkanena za kamvekedwe ka nyimbo. Linkanena za njira imene nyimbo zinkadutsa kuti zifike kwa omvera. M'zaka za m'ma 1980, mawayilesi akuluakulu a ku America ankaseweretsa nyimbo za makampani akuluakulu basi. Magulu ang'onoang'ono oyimba ndi magitala ankadalira mawayilesi a m'sukulu za ukachenjede oyendetsedwa ndi ophunzira, timakampani tosindikiza zimbale tochepa mphamvu, komanso kuyenda pa kagalimoto kamodzi, tawuni ndi tawuni, kuyimba m'mabala. Nyimbo zodutsa njira yam'mbaliyo ndi zimene zinapatsidwa dzinali.

R.E.M. inabadwira m'njira imeneyo. Inayambira ku Athens, katawuni ka m'chigawo cha Georgia kamene moyo wake umazungulira pa yunivesite. Buck ankagulitsa zimbale m'sitolo ya Wuxtry, ndipo Stipe, wophunzira zojambulajambula, ankabwera kudzagula. Mills ndi Berry anali pachinzake kuyambira ku Macon, mzinda wina wa ku Georgia komweko. Anayiwo anayimba koyamba pagulu pa 5 April 1980, paphwando lokumbukira tsiku lobadwa la mnzawo, m'tchalitchi chakale chimene anthu anasiya kupemphereramo. Chimbale chawo choyamba, Murmur, chinatuluka mu 1983 pansi pa kampani ya I.R.S., ndipo magazini ya Rolling Stone inachisankha kukhala chimbale chopambana chaka chimenecho, pamwamba pa Thriller ya Michael Jackson. Mawu a Stipe ankamveka ngati akung'ung'udza, moti omvera ankatsutsana kuti akunena chiyani.

Njira yam'mbali ija inakula mpaka kusanduka msewu waukulu. Mu 1988 magazini ya Billboard inayambitsa ndandanda wapadera wa nyimbo zamtunduwu, ndipo chaka chomwecho R.E.M. inasamukira ku kampani yaikulu ya Warner Bros. Pofika 1991, pamene inatulutsa Out of Time ndipo gulu la Nirvana linatulutsa Nevermind, nyimbo zimene zinkatchedwa zam'mbali ndizo zinkagulidwa kwambiri. Kusiyana kwa magulu awiriwa kumathandiza kuona kuti dzinali ndi lotakata bwanji. Nirvana inkabangula ndi magitala olira mwaukali, pamene nyimbo yotchuka kwambiri ya R.E.M. inatsogoleredwa ndi mandolini, kachida kakang'ono ka mawu opyapyala. Onsewo ankaikidwa m'thumba limodzi. Pofika 2011 dzinali linali litatsala ngati chikwangwani cha pashelefu ya m'sitolo basi.

"Chomaliza" pa kuwerenga kwa ndani?

Apa ndi pamene pali phata la nkhani. Zimbale zambiri zimene timazitcha zomaliza sizinajambulidwe ngati zomaliza. Zinasanduka zomaliza chifukwa cha zimene zinachitika pambuyo pake.

Nirvana inatulutsa In Utero mu 1993, ndipo woyimba wake Kurt Cobain anamwalira mu April 1994. Gulu linathera pomwepo. The Smiths ya ku Manchester inajambula Strangeways, Here We Come ikadali yathunthu, koma pamene chimbalecho chinkafika m'masitolo mu September 1987, woyimba gitala Johnny Marr anali atachoka kale. Sonic Youth ya ku New York inatulutsa The Eternal mu 2009, ndipo inaima mu 2011 banja la awiri mwa oyimba ake, Kim Gordon ndi Thurston Moore, litatha. Ndiye pali Pixies ya ku Boston. Trompe le Monde ya 1991 inakhala chimbale chawo chomaliza kwa zaka zoposa makumi awiri, kenaka mu 2014 anatulutsa china, ndipo dzina loti "chomaliza" linachoka lokha.

Ngakhale kuwerenga kwenikweniko kumavuta. Okonda The Beatles mpaka lero amatsutsana ngati chomaliza ndi Let It Be, chimene chinatuluka pambuyo pa zonse mu 1970, kapena Abbey Road, chimene chinatuluka mu 1969 koma mbali yaikulu ya ntchito yake inachitika pambuyo pa ya Let It Be. Pali kumaliza kujambula ndipo pali kumaliza kutulutsa, ndipo nthawi zina ziwirizi sizigwera pa chimbale chimodzi.

Pa R.E.M. nayonso pali kachisokonezo kotere. Mu November 2011, gulu litatha kale, kunatuluka chimbale chosonkhanitsa nyimbo zawo zotchuka kuyambira 1982, ndipo munali nyimbo zitatu zatsopano. Imodzi mwa izo ndi "We All Go Back to Where We Belong". Choncho nyimbo zomaliza kujambulidwa sizili m'chimbale chomaliza. Owerenga zimbale amatsata lamulo lakuti chimbale chenicheni ndi chija cha nyimbo zatsopano zokhazokha zojambulidwa mu situdiyo. Zosonkhanitsa ndi zojambulidwa pa zoimbaimba amaziika padera. Pa kuwerenga kumeneko, Collapse into Now ndi cha nambala 15 ndipo palibe china pambuyo pake.

Chimene chimasiyanitsa R.E.M. ndi magulu enawo n'chakuti iwo ankadziwa. Mills anadzafotokoza kuti nkhani yosiya inayamba kukambidwa pa ulendo wawo woyimba wa mu 2008. Analowa mu situdiyo akudziwa kuti mwina ndi komaliza, ndipo anasunga pakamwa.

Zimene zili m'chimbalecho

Muli nyimbo 12, zotenga mphindi pafupifupi 41. Anazijambula ku New Orleans, ku Nashville ndi ku Berlin, mothandizidwa ndi katswiri wa ku Ireland wosakaniza mawu, Jacknife Lee, amene anagwira nawonso ntchito pa chimbale cha Accelerate cha 2008. Ku Berlin anagwiritsa ntchito situdiyo ya Hansa, nyumba imene kale inali moyandikana ndi khoma lija logawa mzindawo, mmene David Bowie anajambuliramo "Heroes" ndipo U2 inayambiramo Achtung Baby. M'holo yaikulu ya nyumbayo, gululo linayimba nyimbo zingapo zatsopanozi pamaso pa abale ndi anzawo ochepa, makamera akujambula. Amene analimo sankadziwa onse kuti akuonera chinthu chosadzabwerezedwa.

Zizindikiro zinalipo, kungoti anthu amaona bwino chizindikiro zinthu zikachitika kale. Pachikuto pali chithunzi chojambulidwa ndi Anton Corbijn, cha amuna atatu amene anatsala m'gululo Berry atachoka, ataima, Stipe atakweza dzanja. Iye anadzanena kuti ankabayibitsa, ndipo anadabwa kuti anthu sanazindikire. Nyimbo yachiwiri, "All the Best", imamveka ngati munthu amene wakhalitsa pamalo akutsanzika mwanthabwala, uku akulonjeza kuonetsa achinyamata kachitidwe kake kamodzi komaliza. Nyimbo yotsekera, "Blue", ndi yolankhula chabe pamwamba pa magitala olira ngati mphepo, ndipo ikamatha imabwereranso ku kayimbidwe ka "Discoverer", nyimbo yoyamba ija. Chimbale chimadzitseka chokha ngati mkombero.

Alendo amene anaitanidwa nawonso sanali ongotola panjira. Patti Smith, amene amamveka mu "Blue", ndi mayi amene chimbale chake cha Horses cha 1975 chinachititsa Stipe, ali mnyamata wa zaka 15, kuganiza zodzakhala woyimba. Ndi iyenso amene anasankha dzina la chimbalechi kuchokera m'mawu a nyimbo imeneyo. Eddie Vedder wa gulu la Pearl Jam, amene amathira mang'ombe mu "It Happened Today", ndi amene analankhula powalowetsa mu Rock and Roll Hall of Fame, kaundula wolemekeza akatswiri a nyimbo za rock, mu 2007. Wina ndi wa m'badwo umene unawaphunzitsa, winayo ndi wa m'badwo umene unaphunzira kwa iwo. Munalinso Peaches wa ku Canada ndi Lenny Kaye, woyimba gitala wa Patti Smith.

Nyimbo imene ine ndimaiona kuti imaima payokha popanda kudalira mbiri ya gululo ndi "Oh My Heart". Imanena za munthu wobwerera ku New Orleans pambuyo pa namondwe wa Katrina wa mu 2005, ndipo ndi yankho la nyimbo ya "Houston" ya m'chimbale cha 2008, imene inkanena za wothawa namondwe yemweyo. Malipenga ake ndi odekha, ngati a pa maliro a mumzindawo.

Olemba za nyimbo anagawikana, ngakhale ambiri anachiyamikira. Ena anati gululo lasonkhanitsa mitundu yonse ya nyimbo zake m'chimbale chimodzi: zaphokoso, zofatsa za mandolini, zolankhula. Ena anati vuto lake ndi lomwelo, poti nyimbo iliyonse imakumbutsa ina yakale imene inali yabwino koposa. Onse ankamva chinthu chimodzi, kungoti ankachitcha mayina osiyana.

Mgwirizano ndi kampani

Mgwirizano wa woyimba ndi kampani yosindikiza nyimbo umafanana ndi ulimi wa fodya wa pa kontrakiti. Kampani imapereka ndalama ntchito isanayambe, monga mmene mlimi amalandirira feteleza ndi mbewu pangongole. Zokolola zikagulitsidwa, kampani imayamba yadula zake, ndipo zotsala ndiye za wolima. Mgwirizanowo umanenanso kuti mudzapereka zokolola kangati, ndipo musanakwanitse simungagulitse kwina.

Mu 1996 R.E.M. inasainanso mgwirizano ndi Warner Bros. wa zimbale zisanu, umene manyuzipepala ananena kuti unali wa ndalama pafupifupi madola 80 miliyoni. Pa nthawiyo unali umodzi mwa mapangano aakulu kwambiri amene gulu loyimba linasainapo. Kampaniyo inali ndi chifukwa chokhulupirira, poti Out of Time ndi Automatic for the People ya 1992 zinagulidwa makope oposa 10 miliyoni chilichonse. Zimbale zimene zinatsatira zinali Up mu 1998, Reveal mu 2001, Around the Sun mu 2004, Accelerate mu 2008, ndi Collapse into Now mu 2011. Mukawerenga mupeza zisanu. Chimbale chomaliza cha gululi ndi chimenenso chinatseka ngongole yawo ya zimbale.

M'zaka 15 zimenezo msika unasinthiratu. Napster inabwera mu 1999 anthu n'kuyamba kugawana nyimbo ulere pa intaneti. Sitolo ya iTunes inatsegulidwa mu 2003, anthu n'kumagula nyimbo imodziimodzi m'malo mwa chimbale chathunthu. Spotify, yomvetserapo nyimbo pa intaneti, inafika ku America mu July 2011. Collapse into Now inalowa pa nambala 5 pa ndandanda wa Billboard komanso pa nambala 5 ku Britain, malo aulemu ndithu, koma nambala 5 ya 2011 inkaimira makope ochepa kwambiri poyerekeza ndi nambala 5 ya 1992. Chaka chomwecho Warner Music Group, kampani yaikulu imene Warner Bros. inali pansi pake, inagulitsidwa kwa eni atsopano, Access Industries.

Pamenepa pali mbali ziwiri. Ena amati kutha kwa mgwirizano ndi kusintha kwa mabwana ku kampani ndi zimene zinakankha gululo. Oyimbawo amati anangoona kuti akwanitsa zimene ankafuna, ndipo mgwirizano utatha panalibe chowamanga. Zonse ziwiri zingakhale zoona nthawi imodzi. Chodziwika n'chakuti sanachoke manja ali m'khosi. Iwo ndi eni matepi oyambirira a zimbale zawo za ku Warner, chinthu chimene oyimba ambiri alibe, ndipo mu 2015 anapatsa kampani ya Concord ntchito yozigulitsa.

Gulu ndi la ndani?

Pamalamulo, gulu loyimba ndi bizinesi ya anthu ogawana phindu. Ndalama zimalowera pa makomo awiri akuluakulu: za nyimbo yojambulidwa, ndi za kupeka nyimboyo. Khomo lachiwirili ndi limene laphwasula magulu ambiri. Ngati pa chimbale palembedwa kuti opeka ndi awiri okha, awiriwo amalandira ndalama nthawi iliyonse nyimbo ikaseweredwa pa wayilesi, pamene woyimba ng'oma amangoyang'ana. The Smiths ndi chitsanzo chowawa cha mikangano ya ndalama. Mu 1996 woyimba ng'oma wawo, Mike Joyce, anapambana mlandu kukhoti ku London wotsutsana ndi Marr ndi Morrissey, woyimba ndi mawu wa gululo, pa kagawidwe ka ndalama za zimbale ndi za zoimbaimba.

R.E.M. inatseka khomo la mkanganowo kuyambira pachiyambi. Nyimbo iliyonse inkalembedwa kuti yapekedwa ndi Berry, Buck, Mills ndi Stipe, posatengera amene anabweretsa ganizo. Pa zosankha zazikulu, mmodzi akakana ndiye kuti zakanika.

Mu March 1995, ali pakati poyimba ku Lausanne ku Switzerland, Berry anagwa chifukwa cha vuto la mtsempha wa magazi mu ubongo. Anachitidwa opaleshoni, anachira, n'kumaliza ulendowo. Koma mu October 1997 anauza anzake kuti mtima wake wachoka pa ntchitoyi, ndipo anapita kukalima ku munda wake ku Georgia. Anaika lamulo limodzi, loti achoka pokhapokha atatu otsalawo alonjeze kupitiriza, poti sankafuna kukhala amene wapasula gulu. Stipe anauza atolankhani kuti galu wa miyendo itatu akadali galu, amangofunika kuphunzira kuthamanga mwa njira ina.

Kuyambira pamenepo sanalembe membala wachinayi. Bill Rieflin ankayimba ng'oma ndipo Scott McCaughey ankathandiza pa gitala kwa zaka zambiri, mpaka m'chimbale chomalizachi, koma pachikuto pali anthu atatu okha. N'chifukwa chake pali okonda gululi amene amaumirira kuti chimbale chomaliza cha R.E.M. yeniyeni ndi New Adventures in Hi-Fi cha 1996, chomaliza cha anthu anayi. Ena amati maganizo amenewo amanyoza zaka 14 za ntchito, komanso amanyoza chifuniro cha Berry mwiniwake. Buck naye sanabise kuti Around the Sun sichinamusangalatse, ndipo ambiri amaona zimbale ziwiri zotsirizazo ngati khama lofuna kuchoka mutu uli m'mwamba.

Ulendo wotsanzika umene sunachitike

Masiku ano oyimba akuluakulu amapeza ndalama zambiri pa matikiti kuposa pa zimbale, ndipo palibe chogulitsa matikiti ngati kulengeza kuti uno ndi ulendo womaliza. The Who inatsanzika mu 1982 n'kubwereranso mu 1989. LCD Soundsystem inatsanzika mu holo ya Madison Square Garden ku New York mu April 2011, n'kubwerera patangotha zaka zisanu. R.E.M. sinachite zoimbaimba zotsanzika ngakhale kamodzi. Phwando lawo lathunthu lomaliza linachitikira ku Mexico City mu November 2008, ndipo omwe anagula matikiti sankadziwa. M'malo mwa ulendo, Stipe anapempha ojambula mafilimu osiyanasiyana, kuphatikizapo Sam Taylor-Wood ndi James Franco, kuti nyimbo za m'chimbalecho zikhale ndi timafilimu take. Zotsatira zake n'zakuti nyimbo za Collapse into Now sizinayimbidwepo ndi gululo pamaso pa khamu lolipira pakhomo.

Zimene zikadali zosayankhidwa

Funso loyamba ndi la kamvedwe. Amene anachimvera mu March 2011 anamva chimbale cha nambala 15 basi. Amene anachimvera mu October anamva kutsanzika m'mzere uliwonse. Kodi kumva koona ndi kuti? Ndipo oyimba akabisa cholinga chawo kuti nyimbo ziweruzidwe pazokha, amawachitira zabwino omvera kapena amawamana mwayi wotsanzika?

Lachiwiri ndi la malire a kutha. Anayiwo anayimba nyimbo imodzi ku New York mu 2024. Amagwirizanabe pa zotulutsanso zimbale zakale zokhala ndi nyimbo zimene zinatsalira m'matepi, ndipo dzina la R.E.M. likupitiriza kupanga ndalama. Kodi gulu limatha likasiya kupeka nyimbo zatsopano, likasiya kugulitsa matikiti, kapena pokhapokha eni ake atamwalira? Ngati tsiku lina nyimbo zosamalizidwa za ku Berlin ndi ku Nashville zitasonkhanitsidwa n'kutulutsidwa, tidzaziwerenga ngati chimbale cha nambala 16?

Pali funso la ndalama limene akunja sangaliyankhe: msika wa zimbale ukanakhala mmene unalili mu 1996, ndipo Warner ikanaika mgwirizano wina wonona patebulo, kodi akanasiyabe? Palinso la magulu a lero. Omvera ambiri tsopano amatola nyimbo imodziimodzi pa foni, ndipo oyimba ena amatulutsa nyimbo popanda kudikira kuti zikwane chimbale. Gulu limene likuyamba chaka chino, likadzafika posiya, kodi lidzakhala ndi chinthu chotchedwa chimbale chomaliza, chokhala ndi chikuto ndi nyimbo yotsekera, kapena lidzangosiya kutumiza nyimbo pa intaneti anthu n'kudzazindikira patapita zaka?